Dimba la pa Thinasi

Amalume anga a Laxon Kachingwe ali ndi manja osakhazikika. Akagwira kapu ya tiyi, theka limathera pa thalauza. Anthu osawadziwa amati ndi kachasu, chonsecho munthuyu ndi mkulu wa mpingo ndipo sanalawepo mowa chibadwire. Manjawo anawonongeka ndi thinasi, mankhwala onunkha aja osungunulira penti. Ine ndine Jesinta, mwana wa mlongo wawo. Ndimasankha fodya m'shedi pa pulazi lomwe lino, kufupi ndi Chinhoyi, ndipo ndineneretu kuti nkhaniyi ndikuyifotokoza ndili wokwiya.

Bambo awo anachokera ku Dedza pa lole, akuti adzagwire ntchito chaka chimodzi agule njinga. Ali m'manda kuseri kwa mitengo ya bulugamu uko, ndipo njingayo sanaigule. Amalume anabadwira m'komboni, m'nyumba za antchito. Malawi sanamuonepo ndi maso, koma chitupa chawo chinadindidwa kuti ndi mlendo. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife takhala pa udzu uno zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo eni dziko akudikirabe kuti dzuwa lituluke.

Amalume ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mzungu wa pulazili anawalowetsa m'wekishopu, naona kuti ali ndi dzanja labwino pa mfuti yopopera penti. Matirela, mageti, mathirakitala, ngakhale galimoto za azungu a mapulazi ena, zonse zinkadzera m'manja mwawo. Chotseka kumphuno kunalibe. M'malo mwake ankawapatsa botolo la mkaka tsiku lililonse, ati umatsuka m'chifuwa. Amalume mpaka lero amamuyamikira mzungu uja chifukwa cha mkakawo, ndipo akayamba zimenezo ine ndimatuluka panja.

Lachisanu lililonse ntchito yawo yomaliza inali kugubuduza dilamu la thinasi wakuda, petulo wotsukira zitsulo ndi oyilo wotha ntchito, n'kukakhuthulira m'dzenje kuseri kwa wekishopu. Anachita zimenezi zaka makumi atatu. Mvula ikagwa dzenjelo linkasefukira, zonse n'kuyenderera kumunsi, mpaka malo okwana theka la ekala anasanduka dazi. Udzu sunkamera. Nkhuku, zomwe zimapalasa ndi kuchimbudzi komwe, zinkazungulira. Malowo tinkangowatchula kuti pa Thinasi, ndipo dzuwa likatentha mayi wapakati sankadutsapo.

Itafika jambanja, nthawi ija mapulazi ankalandidwa, mzungu anapita ndipo minda inagawidwa. Anthu a m'komboni sitinapatsidwe ngakhale mzere umodzi. Ankati mabhurandaya akalime kwawo ku Blantyre. Mbali ya wekishopu inagwera bwana wina wa ku Harare, amene amalima pa foni. Zonse amayendetsa ndi manijala wake, Silence. Silence ameneyu agogo ake anachokera ku Tete ndipo agona mzere umodzi kumanda ndi agogo anga, koma chilowereni mu ofesi amangoyankhula Chishona ndi Chingerezi. Chinyanja chimamutuluka pokhapokha akapunthwa chala.

Lamulo la bwana watsopano linali loti nyumba za m'komboni ndi za ogwira ntchito basi. Pofika 2010 manja a amalume sakanathanso kuloza penti, ndipo akazi awo, a Filesi, anali atamwalira. Anauzidwa kuti atuluke m'nyumba imene anabadwiramo. Anapita kwa Silence chipewa chili m'manja, anthu tili pamzere wa m'mawa, kukafunsa kuti nanga alowere kuti.

“Endai pa Thinasi, mudhara,” anatero Silence, kuwauza madalawo m'Chishona kuti apite kumeneko. “Munapaphika nokha, mukadye nokha.”

Anthu anaseka, ena chifukwa choopa kusaseka. Amalume sanaseke. Anawomba m'manja kuthokoza, ndipo madzulo ake anali akudula mitengo yomangira kanyumba kumtunda kwa dazi lija.

Ndinawapempha kuti adzakhale kwanga. Anakana kwamtuwagalu. Ati mwini mbumba sagona pakhonde la mbumba yake. Ndinawauza kuti mbumbayo idzawaika m'manda chaka chisanathe, iwo n'kungondiyang'ana ngati ndine mwana amene watukwana m'tchalitchi.

Chaka choyamba anabzala chimanga. Chinamera chachikasu, chinafika m'kakolo, n'kuuma chonse. Ndiye anakhala pansi n'kuganiza mwa iwo okha. Ati bulangeti likanunkha umaliyanika, nanga dothi lingalephere bwanji? Anayamba kuligawula, kuliunjika m'mizere italiitali, ndipo pakatha milungu iwiri ankalitembenuza lonse, la pansi libwere pamwamba. Fungo linkatuluka loti maso kulira misozi. Kangapo ndinawapeza atakhala pa chidebe, atagwira mutu, atasanza. Akapuma pang'ono ankatolanso khasu.

Ku makola a nkhuku za bwana zitosi zinkangotayidwa. Amalume anapeza wilibala yothyoka mwendo, anaiikira mwendo wa mtengo, n'kumatuta zitosizo m'mawa uliwonse. Madzi ankatunga pamene paipi ya chitsime imadontha. Posakhalitsa anazindikira kuti mzere umene walandira zitosi zambiri ndi umene ukuyamba kuleka kununkha. Mphuno ndiyo inali chida chawo choyezera: ankatapa dothi, kulifikisa m'manja, kulinunkhiza, n'kunena kuti uwu watsala miyezi itatu, uwu chaka. Dzenje lenileni lija analikumba mpaka linawalekeza m'chifuwa, dothi lake lakuda ngati phula n'kuliyala padzuwa pang'onopang'ono.

Chaka chachinayi kunamera chisoso ndi bonongwe, zokha. Amalume anandiitana kuti ndidzaone, ngati kwabadwa mwana. Chaka chachisanu ndi chimodzi repu anagwira. Poyamba anthu ankakana kugula, ati ndiwo za pa Thinasi zipenta m'mimba. Koma njala ilibe manyazi, ndipo pofika chaka chakhumi theka la komboni linkadya matimati ndi masamba a kovo a m'dimba la amalume. Munali nthochi, munali mapapaya awiri, ndipo ukakumba ndi chala nyongolotsi zinkatuluka. Ndisaname, ndinanyadira. Ndimati munthu uyu wadzipangira mudzi pamalo pamene anamutayira.

Kenaka kunabwera Kudzai. Anali mtsikana wa ku yunivesite ku Chinhoyi, Mshona wa ku Zvimba, ndipo ankayenda m'mapulazi kufunafuna dothi lowonongeka ndi zotayidwa za m'mawekishopu akale. Silence anamulozera kuseri, iye n'kupeza dimba. Anabwerera ku ofesi kukanena kuti wasokera. Atamutsimikizira kuti ndi pomwepo, anayamba kuboola pansi ndi chitsulo chake chopota, kuika dothi m'timabotolo. Anatenganso lina pansi pa simenti ya wekishopu, pamene khasu la amalume silinafikepo. Ilo linali likununkhabe ngati dzulo.

Anabwera katatu. Ulendo wachitatu ndinalipo, ndikuthyola repu. Iye ankayankhula Chishona chake, amalume Chichewa chawo, monga timachitira m'mapulazi muno, ndipo ankamvana bwinobwino. Anatola kamtengo n'kujambula pansi mkombero wa ngodya zisanu ndi imodzi.

“Sekuru, zomwe zili mu thinasi, toluwini ndi zinzake, zinapangidwa chonchi,” anatero Kudzai, akuwatchula agogo m'Chishona. “Ring yotsekeka, yolimba. Ndosaka siziola msanga ngati masamba. Koma m'dothi muli mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, tina timene timadziwa kuimasula.”

“Timaimasula ndi chiyani? Tili ndi sipanala?” anafunsa amalume.

“Ndi mpweya, sekuru. Timatenga okosijeni, n'kumulowetsa apa ndi apa,” anabaya ngodya ziwiri zoyandikana. “Zikatero ring yafooka, timaidula pakati. Ikaduka, basi, chasanduka chakudya wamba. Timadya, zotsala n'kukhala madzi ndi mpweya womwe timapuma kunjawu. Pansi pa simenti mpweya sufika, that's why kukununkhabe. Inu nthawi zonse mumatembenuza dothi lija, munkatipatsa mpweya.”

“Nanga zitosi?”

“Thinasi kwa ito ndi sadza yopanda ndiwo. Zitosi ndiye ndiwo. Munkatidyetsa, n'kumatimwetsa madzi, tinaswana, tinamaliza zonse.” Apa anazengereza, n'kuyang'ana manja awo. “Osati zonse hazvo. Wina anauluka ndi mphepo pamene munkagawula. Munampuma ndinu.”

Zomalizazo amalume sanazimve, kapena sanafune kuzimva. Anali akuyang'ana dothi lili m'dzanja lawo.

“Ndiye kuti muno muli antchito?”

“Mamiliyoni, pa supuni imodzi yokha.”

“Jesinta, wamva? Ndakhala bwana zaka khumi ndi ziwiri osadziwa!” Anaseka mpaka kutsokomola. “Ndipo anzangawa nawonso alibe chitupa.”

Tikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma Kudzai atanena kuti poizoni watsika kufika poti dothilo n'lolimidwa popanda nkhawa, amalume anavula chipewa n'kumupempha chinthu chimodzi: kuti azilembe zimenezo pa pepala, aikepo chidindo. Mtsikanayo anaona ngati n'kanthu kakang'ono kothokozera nako. Patapita mwezi anabweretsa kalata yotayipa, ya chidindo chofiirira, yonena kuti dothi la malo akutiakuti layezedwa ndipo lapezeka labwino. Pansi pake anawonjezera mzere woti ntchito yolichiritsa anaigwira ndi a Laxon Kachingwe.

Muyenera kutimvetsa ife anthu a m'komboni. Moyo wathu wonse tathamangitsidwa ndi mapepala. Mwana kulephera kulemba mayeso, pepala. Kuvota, pepala. Munda, ati onetsa ofa leta, kalata ya boma ija yopatsa munthu malo. Ndiye timaganiza kuti pepala lililonse la chidindo ndi chishango, poti nthawi zonse amene watimenya amakhala atanyamula lake. Amalume anaona dzina lawo, anaona malo, anaona chidindo, zitatu pa tsamba limodzi. Kwa iwo imeneyo inali ofa leta. Anaikulunga m'pulasitiki ya shuga, n'kupita nayo kutchalitchi, ndipo inayenda m'manja mwa akulu a mpingo onse.

“Amalume, ibiseni pansi pa matiresi,” ndinawauza. “Dimbali lakhala chifukwa bwana amaganiza kuti pakununkhabe. Bwana sanapondepo kuseri kuno. Musamudzutse.”

“Iwe ukufuna ndikhale ngati mbava mpaka liti?” anandiyankha. “Ndikafa mawa, dimbali ndi lako ndi ana ako. Popanda pepala adzakuthamangitsa maliro asanathe. Bwana aone, adziwe, zikhale poyera.”

Ankachitira ine. Chimenecho ndicho chimandiwawa kuposa zonse.

Loweruka lina m'mawa bwana anabwera kuchokera ku Harare. Amalume anavala jekete la Mgonero, nsapato anapukuta, n'kupita ku ofesi, ine ndili pambuyo ngati wopita kumaliro. Bwanayo anali atatsamira galimoto yake. Anawerenga kalatayo, anaiwerenganso, kenaka anaiyala pa boneti n'kuijambula ndi foni. Anapempha kuti akaone malowo. Anayenda pakati pa matimati, anawerama, ananunkhiza dothi, anayang'ana mtengo wa magetsi, paipi ya madzi ndi msewu, zonse zili pafupi.

“Well done, mudhara,” anatero, n'kuwagwira chanza. Kenaka anatembenukira kwa Silence n'kuyamba Chingerezi chothamanga. Ndinatolapo zokwanira. Ogula ndiwo zopita kunja ankafuna pepala lotsimikizira dothi, ndipo malo okhawo oyenera nyumba ya pulasitiki yolimiramo anali omwewo, kungoti ankawaopa fungo.

Amalume anabwerera kunyumba akuimba nyimbo ya m'buku. Ati waona, bwana wandigwira chanza pamaso pa anthu. Ndinawauza zimene ndinamva. Ati Chingerezi changa n'cha m'shedi.

Patatha milungu itatu Silence anafika ndi zikhomo ndi chingwe choyezera.

“Bwana vati thank you,” anatero, osawayang'ana kumaso. “Muli ndi wiki imodzi, mukolole zomwe mungathe. Monday thirakitala ikulowa.”

“Malo ano unandipatsa ndiwe, mwana wanga,” anatero amalume. “Anthu anamva.”

“Ndinakupatsani malo onunkha, mudhara. Awa sakununkha.”

Amalume analowa m'nyumba, anatuluka ndi pulasitiki ya shuga ija. Manja ankanjenjemera kwambiri moti pepalalo linkalira ngati tsamba louma la fodya. Silence sanalilandire n'komwe.

“Pepala ilo likunena za dothi. Silikunena kuti dothilo ndi la ndani.”

Apo ndiye ndinaphulika. Ndinamutukwana m'Chinyanja chenicheni cha agogo ake, ndinamutchulira mzere wa manda umene agona, ndinamufunsa ngati iyeyo ofa leta ya manda amenewo ali nayo. Anandiyankha m'Chingerezi kuti ndisabwere ku ntchito milungu iwiri. Anthu a m'komboni anaonerera ali patali, ndipo ambiri mwa iwo anali atadya repu wa dimba lomwelo dzulo lake. Sindikuwada. Aliyense nyumba imene akugonamo ndi ya bwana.

Lolemba thirakitala inalowa. Nthochi zinagwa, mapapaya anagwa, matimati osapsa anaphwanyika m'matayala. Amalume anaima pambali n'kumauza dalaivala kuti asazamitse kwambiri khasu cha kumunsi, poti kumeneko dothi labwino n'losaya. Ngakhale polandidwa ankaperekabe malangizo. Lero pamenepo pali nyumba yaikulu ya pulasitiki, ndipo kalata ya Kudzai, yojambulidwa ija, ili m'felemu pa khoma la ofesi.

Koma musati bwana alibe chifundo. Anatuma uthenga woti popeza madala amadziwa kuchiritsa dothi, pali malo ena angakhalepo: kudipi yakale, kumunsi kufupi ndi khwawa, kumene ng'ombe zinkasambitsidwa mankhwala a nkhupakupa nkhondo ya ufulu isanayambe. Pamenepo napo ndi dazi, sipamera kanthu chiyambire ndili mwana. Ndinaganiza kuti amalume akana. Anawomba m'manja. Anasamutsa malata awo, ndipo thirakitala isanamalize anatapa zidebe ziwiri za dothi la m'dimba lakale, ati ndi mbewu ya antchito awo, akayambe nawo ntchito kumalo atsopano.

“Zaka zisanu ndi zitatu zikwana,” anandiuza. “Tsopano njira ndikuidziwa. Ndipo ulendo uno, mwana wa mlongo wanga, pepala ayi. Ndaphunzira.”

Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi ziwiri.

Ndinaimbira Kudzai foni kumuuza zimene kalata yake inachita. Ndinkafuna kumulasa, ndipo ndinamulasadi, moti analira. Mlungu womwewo anakwera kombi n'kubwera. Anagwada kwa amalume kupepesa, iwo n'kumudzutsa, ati iwe unalemba zoona, choona sichipepesedwa. Asanapite anaboola pansi pa dipi paja malo asanu ndi limodzi, popanda womupempha.

Mwezi watha anandiimbira, ine ndili pa nthawi yopuma kuseri kwa shedi.

“Sisi Jesinta, musalole sekuru adye chilichonse chomera pamenepo,” anatero. “Ngakhale bonongwe womera yekha. Dothi lija ladzaza aseniki, poizoni amene ankathira m'madipi kalekale.”

“Nanga si tizilombo tija tidya?” ndinafunsa.

“Uyu alibe ring yoti idulidwe. Ali ngati chitsulo, sasanduka madzi kapena mpweya. Angathire zitosi za nkhuku zonse za mu Mashonaland, angatembenuze zaka zana, adzakhalapobe. Ndipo fumbi lake asamalipume. Muwauze, please. Kapena ndibwere ndidzawauze ndekha?”

Ndinati ayi, ndi amalume anga, ndiwauza ndekha. Ndatsikira kudipi kawiri ndi mawuwo ali pakamwa. Ulendo woyamba ndinawapeza akukhoma denga, ndinati amalize kaye. Wachiwiri anali ndi alendo a mpingo. Ine amene ndinatukwana manijala pamaso pa komboni yonse ndikulephera kuuza nkhalamba imodzi mawu asanu. Ndikawauza, adzafunsa kuti nanga apite kuti, ndipo yankho lake ndi khonde langa lija.

Lero m'mawa ndinapitanso, nditatsimikiza mtima. Ndinawapeza atamaliza mizere isanu ndi inayi, yowongoka bwino, zitosi zitamwazidwa pamwamba, zidebe ziwiri zija zili zopanda kanthu. Atandiona anagwada, anatapa dothi lotuwalo, analifikisa m'manja n'kulibweretsa kumphuno. Anakoka mpweya kawiri, nkhope yonse n'kuwala.

“Jesinta, tabwera unve wekha,” anatero, akunditambasulira dzanja lonjenjemeralo. “Kuno kulibe ndi fungo lomwe. Kuno sikuchedwa.”